Geti, sitika, chindapusa kapena mahampu: tilongosole bwanji magalimoto pa koleji muno mu Lilongwe?

Pa koleji ina muno mu Lilongwe, pomwe ndinagwirapo ntchito mu ofesi yoyang'anira malo ndi katundu, panali mtengo wa mango kutsogolo kwa laibulale. Pamtengowo panakhomedwa chikwangwani choletsa kuimika galimoto, chifukwa pansi pake ndi pomwe pamayambira kanjira ka simenti ka anzathu oyenda pa njinga za anthu aulumali. Koma dzuwa likangoyamba kuswa mtengo, pamthunzipo pamapezeka galimoto. Sinali ya wophunzira ayi. Inali ya mmodzi wa akuluakulu a pasukulupo, ndipo mlonda ankaiyang'anira bwinobwino, mwina n'kuipukutako fumbi.

Tsiku lina ndinamufunsa mlondayo kuti, "Madala, chikwangwanichi simukuchiona kodi?"

Anandiyang'ana n'kuseka. "Ndikuchiona, bwana. Koma ineyo ndikawauze abwana kuti achotse galimoto? Mawa mudzandipeza ku Chinsapo ndikuwothera dzuwa, ntchito itatha."

Yankho limenelo ndi limene ndimayezera njira iliyonse imene anthu amabwera nayo pa nkhaniyi. Ndimafunsa ngati njirayo ikudalira kulimba mtima kwa mlonda. Ndimafunsanso kuti ndalama zidutsa m'manja mwa yani, komanso ngati idzagwirabe ntchito magetsi atathima kapena mvula ya mu Januwale itakokolola bwalo.

Vutoli ndi latsopano ndithu. Makoleji akale anamangidwa nthawi imene galimoto inali ya mphunzitsi wamkulu ndi anzake owerengeka, wophunzira akubwera pa basi ndi sutikesi yake. Lero magalimoto ogwirapo kale ntchito ochokera ku Japan, otsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ali ponseponse. Wophunzira wa Loweruka ndi Lamulungu, amene mkati mwa sabata amagwira ntchito ku Capital Hill kapena ku Kanengo, amabwera pa ka Passo kapena ka Vitz kake. Kuwonjezera apo pali njinga zamoto za kabaza, ma Sienta otsitsa anthu pageti penipeni, lole yobweretsa nkhuni ndi matumba a ufa kukhitchini, ndi alendo a ukwati amene achita lendi holo ya sukulu. Onsewa akulimbirana bwalo limodzi.

Komanso masukulu a mu Lilongwe sali ofanana. Yunivesite ya zaulimi ya LUANAR ku Bunda ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni, cha ku Mitundu, ndipo malo ndi otambasuka, okhala ndi minda ndi makola. Pamalo otero chofunika kuganizira kwambiri ndi liwiro, osati kusowa poimika. Nthambi ya yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ili moyandikana ndi chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, dera limene anthu odwala, owadikirira ndi maambulansi sakata phazi. Ndiye pali timakoleji tina tochita lendi nyumba ku Old Town kapena ku City Centre, topanda ndi bwalo lomwe, tomwe ophunzira ake amaimika mumsewu wa khonsolo ya mzinda. Kumeneko mawu omaliza ndi a khonsolo, osati a sukulu. Zimene ndikunena pano zikukhudza makamaka sukulu yokhala ndi mpanda ndi geti lake.

Mlonda ndi buku lake

Iyi ndi njira imene pafupifupi sukulu iliyonse ili nayo kale. Mlonda amalemba nambala ya galimoto, dzina la woyendetsa ndi nthawi yolowera. Kwina amakupatsa kakhadi koti ubweze potuluka. Pa nkhani ya umbava njirayi imathandiza, chifukwa munthu wofuna kutulutsa galimoto alibe kakhadi amaimitsidwa, ndipo kutsegulitsa buti potuluka kwapulumutsapo makompyuta ndi mipando yambiri. Siidya ndalama zambiri.

Koma buku silinena pomwe munthu akaimike. Galimoto ikangodutsa geti, mwini wake amalunjika pomwe pali mthunzi. M'mawa makalasi akamayamba mzere umatalika mpaka kutulukira mumsewu waukulu, mahutala ali pokopoko, ndipo mlonda amaika cholembera kukhutu n'kumangokupiza dzanja kuti onse alowe. Mabuku odzaza amakaunjikidwa pakona ya ofesi, osawatsegulanso mpaka tsiku limene china chake chidzasowe. Chinanso n'chakuti alonda ambiri si a sukulu, ndi a kampani imene inapatsidwa kontirakiti. Mlonda akayambana ndi munthu wa udindo, kampani imamusamutsa msanga poopa kutaya ntchito. Madalaivala a mabwana amazidziwa zimenezi, ndipo paja galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Ena a iwo amavuta kuposa eni galimoto.

Ndiye mlonda akhalepo, palibe angamuchotse. Koma kumusenzetsa yekha lamulo lonse n'kumukola.

Sitika ndi kugawa malo

Apa sukulu imalemba m'kaundula galimoto iliyonse yobwerabwera, n'kupereka chizindikiro chomata pagalasi lakutsogolo: mtundu wina ogwira ntchito, wina ophunzira, alendo n'kumalandira khadi la tsiku limodzi. Bwalo nalo limagawidwa motsatira mitunduyo.

Anthu amaona ngati phindu la njirayi lili pa sitikayo. Kwa ine lili pa nambala ya foni imene munthu amasiya polembetsa. Milandu yambiri ya pabwalo ndi ya munthu amene watsekera mnzake n'kulowa m'kalasi ya maola atatu. Popanda kaundula, mlonda amayenda khomo ndi khomo akufunsa mwini wa galimoto yoyera, pamene zoyera zilipo zosawerengeka. Pokhala ndi kaundula, foni imodzi yokha nkhani yatha, popanda kukangana kapena kulipiritsana.

Zovuta zake zilipo. Kuno kwathu galimoto ndi ya banja lonse. Wophunzira lero wabwera pa ya amalume ake, mawa pa ya akazi awo, mkuja pa kabaza chifukwa mafuta asowa. Sitika yomatiratu siigwirizana ndi moyo wotere. Bola khadi lopachika pa kagalasi ka mkati, lolembedwa m'dzina la munthu, lokhala ndi manambala a magalimoto awiri. Khadilo lizisintha mtundu chaka ndi chaka, chifukwa pa malo osindikizira mapepala a m'tauni muno palibe chimene chimawakanika kukopera. Komanso sitika si malo. Mukapereka masitika ochuluka kuposa mipata imene ilipo, munthu wolipira amene wasowa poimika amakakwera pa kapinga ali ndi chifukwa chomveka, ndipo mlonda amasowa chonena. Yambani mwawerenga mipata. Galimoto imodzi imafuna malo a mamita pafupifupi 2.5 m'lifupi ndi 5 m'litali, osawerengera njira yokhotera, choncho tepi yoyezera ndi masana amodzi zikukwanirani kudziwa chilungamo cha bwalo lanu.

Pogawapo, chepetsani malo olembedwa maudindo. Ndaonapo mzere wonse wa mipata yabwino, ya pamthunzi, uli mbee sabata yathunthu eni ake ali ku msonkhano ku Salima, pamene aphunzitsi ena akuzungulirazungulira. Malo oyenera kusungidwa mosanyengerera ndi a anthu aulumali pafupi ndi khomo, potsitsira katundu wa kukhitchini, ndi njira yoti ambulansi kapena galimoto yozimitsa moto ifike ku mahositelo.

Chindapusa

Pamsonkhano uliwonse wokamba za magalimoto, mawu oyamba kutuluka ndi akuti "tiziwalipiritsa". N'zoona kuti munthu amamva msanga m'thumba mukakhudzidwa. Koma pa njira zonse, iyi ndi imene imawonongeka mosavuta.

Choyamba, mphamvu ya chindapusa cha sukulu imachokera pa mgwirizano. Wophunzira anasainira malamulo a sukulu polowa, wogwira ntchito anasainira malamulo a pantchito. Ngati za magalimoto zinalembedwamo momveka, sukulu ili ndi poimira. Mlendo amene wangobwera kudzafunsa za mafomu sanasainire kanthu. Kwa iye chimene chingagwire ntchito ndi chikwangwani chachikulu pageti, cholembedwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi, komanso ufulu wa sukulu womukaniza kulowetsa galimoto ulendo wina. Malamulowa asanayambe kugwira ntchito, loya wa sukulu awaone kaye.

Chachiwiri ndi ndalama ya pamanja. Mukangolola kuti mlonda kapena kalaliki azilandira ndalama pabwalo, mwatsegula msika. Wolakwa amayamba ndi "tikambirane, achimwene", chindapusa chimasanduka ya fanta, ndipo pakutha pa mwezi buku la malisiti lili ndi masamba awiri okha olembedwa. Sindikunena izi monyoza alonda. Munthu wolandira malipiro ochepa, wochokera ku Mtandire wapansi m'bandakucha, mukamuika pakati pa lamulo ndi ndalama ya ndiwo za madzulo, wolakwa ndinu amene mwamuika pamenepo. Wogwira wolakwa asakhale wolandira ndalama. Mlonda ajambule chithunzi pafoni choonetsa nambala ya galimoto ndi pomwe yaima, asiye kapepala pagalasi, basi. Kulipira kukhale ku banki, pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, ku nambala ya sukulu osati ya munthu. Chithunzi chimamuchotseranso mlonda mtolo wokangana ndi bwana maso ndi maso, popeza kalata idzachokera ku ofesi.

Chachitatu ndi kukula kwa chindapusacho. Chikachepa, amene ali nazo amachitenga ngati lendi ya pamthunzi. Chikakula, chimapweteka wophunzira amene fizi yomwe akumalizira ndi ngongole. Ndipo ndalama yathu siikhazikika. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chindapusa chimene chinasindikizidwa m'buku la malamulo zisanachitike zimenezi lero n'choseketsa. N'chifukwa chake ndi bwino kuti bukulo lingonena kuti mitengo idzalengezedwa kumayambiriro kwa chaka chilichonse cha maphunziro.

Ine ndimakonda kuti ulendo woyamba likhale chenjezo lolembedwa, wachiwiri chindapusa, wachitatu kulandidwa khadi kwa teremu yonse. Kulandidwa khadi kumaluma wolemera ndi wosauka mofanana, chifukwa onse amakaimika kunja kwa mpanda n'kulowa wapansi. Chimene sindigwirizana nacho ndi kumukaniza wophunzira kulemba mayeso kapena kumubisira zotsatira chifukwa cha ngongole ya poimika galimoto. Chilango chikaposa mlandu motero, bungwe la ophunzira limadzuka, nkhani n'kuchoka pa magalimoto kupita kwina. Pakhalenso kakomiti kakang'ono komvera madandaulo, momwe mukhale woimira ophunzira, kuti amene anaimika molakwika pothamangira ndi mnzake wodwala akhale ndi kokalankhula.

Ndipo ngati m'teremu yoyamba yopereka makalata palibe wa udindo ngakhale mmodzi amene walandira kalata, ophunzira adzadziwa kuti lamulolo ndi lawo okha.

Kumanga tayala ndi kukoka galimoto

Chitsulo chomangira tayala chimaopsa, ndipo n'chifukwa chake ena amachikonda. Munthu sangathawe, ayenera kubwera yekha ku ofesi. Kwa mlendo wosadziwika kapena kwa munthu amene wanyozera makalata atatu, palibe china chogwira mtima ngati ichi.

Koma taganizirani chimene chitsulocho chimachita. Pa sukulu ija tinamangapo tayala la galimoto imene inatseka njira ya kukhitchini. Mwini wake anali m'chipinda cha mayeso, foni ili yothimitsa. Atatuluka anapeza wosunga kiyi wa chitsulocho wapita kukadya. Galimoto imene ikanachoka pakatha ola limodzi inakhala pamenepo mpaka madzulo, lole ya nkhuni ikudikira panja, ophika akutukwana chamumtima. Tinalanga munthu pokhomerera vuto pamalo pomwe timafuna lichoke. Chitsulo n'choyenera galimoto imene yaima pamalo osayenera koma siikutsekereza aliyense, ndipo kiyi wake azipezeka nthawi iliyonse, ngakhale usiku.

Kukoka ndi kumene kumachotsadi chotchinga, koma sukulu zambiri zilibe galimoto yokokera, ndipo kuitana ya m'tauni ndi ndalama. Palinso ngozi ina. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan ndi a otomatiki, ndipo kuikoka galimoto yotere matayala oyendetsa ali pansi kungawononge giyabokosi. Mwini wake akabwera ndi mlandu wa giyabokosi, chindapusa chanu chonse cha chaka sichikwana kulipira. Ngati n'kofunikadi kuichotsa, inyamulidwe yonse pamwamba pa lole, itajambulidwa zithunzi mbali zonse. Njira imeneyi isungidwire galimoto yotseka njira ya ambulansi, kapena ija yasiyidwa pabwalo miyezi ndi miyezi mpaka udzu kumera pansi pake.

Lolani msewu uzilankhula wokha

Apa ndi pamene mtima wanga uli. Mwala waukulu woikidwa m'mphepete mwa kapinga sufunsidwa kuti "ukundidziwa ine?" Mzati wa simenti sulandira ya fanta, susamutsidwa ndi kampani, ndiponso sugona usiku. Pamtengo wa mango paja, nkhani inatha tsiku limene tinakumba maenje atatu n'kuzika mapaipi achitsulo othira konkire mkati, motalikirana mokwanira kuti njinga ya munthu waulumali idutse koma galimoto ikanike. Palibe amene anakangana ndi mnzake. Abwana aja anangopeza mthunzi wina.

Zinthu zake n'zopezeka konkuno. Mapaipi, njerwa, miyala yopaka laimu, matayala akutha okwiriridwa theka, mitengo yodzala m'mizere. Anyamata owotcherera zitsulo ku Biwi kapena ku Mchesi akhoza kukupangirani zotchingira ndi poimika njinga, ndipo sukulu yophunzitsa ntchito zamanja ingapatse ophunzira ake omwe ntchitoyo. Mizere ya penti nayo imachita zodabwitsa. Bwalo lopanda mizere aliyense amaima mopingasa mmene wafikira, n'kutaya malo ambiri pakati. Kungojambula mizere kumabweza mipata imene mumayesa kuti mulibe. Pabwalo lafumbi penti sagwira, ndiye zikani njerwa kapena timitengo tosonyeza malire.

Pa liwiro, chikwangwani chokha sichiimitsa munthu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa liwiro losapitirira makilomita 30 pa ola pomwe magalimoto amasakanikirana ndi anthu oyenda pansi, ndipo mkati mwa sukulu ndi malo otero enieni. Masamu ake ndi osavuta. Galimoto yothamanga 30 imayenda mamita opitirira pang'ono 8 pa sekondi imodzi, yothamanga 50 imayenda pafupifupi 14. Sekondi imene dalaivala akuchotsa maso pafoni kuti aponde buleki, mtunda wonsewo wapita kale. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti galimoto iime mabuleki atagwira umawirikiza kanayi. Wophunzira wotuluka m'kafiteriya, zomvera nyimbo zili m'makutu, sadziwa zimenezi.

Mahampu ndiwo mankhwala, koma akhale omangidwa mwanzeru. Tonse tikuwadziwa mahampu aja ongounjika simenti ngati mzere wa mbatata, amene amakhula pansi pa ka Mira ngakhale ukuyenda ngati kamba. Hampu yotero imachititsa madalaivala kuilambalala podzera pa kapinga, a njinga zamoto n'kumadutsa m'mphepete momwe mukuyenda anthu, ndipo wodwala ali mu ambulansi amaimva m'mafupa. Yabwino ndi yotambalala, yokwera pang'onopang'ono, yapamwamba pafulati, yoikidwa pomwe anthu amawolokera kale kuti ikhalenso powolokera pawo. Ipakidwe penti wowala kuti izioneka usiku. Ndipo musaiwale madzi: mvula ya kuno, kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo, ikapeza hampu yotseka msewu wonse popanda ngalande, imapanga dziwe, phula n'kuyamba kufumbutuka. Walira mvula walira matope, wofuna hampu akumbenso ngalande.

Kuipa kwa njirayi n'kwakuti imafuna ndalama poyambirira, ndipo chimene mwazika ndi konkire simungachisunthe mawa mukazindikira kuti munalakwitsa. Yesani kaye ndi migolo yodzaza mchenga kwa mwezi umodzi, muone mmene anthu akuyendera, kenako muzike zokhalitsa. Komanso musatseke njira zonse mpaka galimoto yozimitsa moto kusowa polowera. Pena pakhale mzati wochotseka, wa loko, kiyi wake ali kwa alonda.

Makamera ndi geti lamagetsi

Amalonda akabwera kudzaonetsa geti lodzitsegukira lokha ukayandikiza khadi, ndi makamera owerenga nambala ya galimoto, akuluakulu amakopeka. Ubwino wake ulipodi. Makina sachita manyazi ndi bwana, ndipo galimoto ikakhulidwa pabwalo kapena njinga ikabedwa, kanema amathetsa mkangano.

Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Magetsi a ESCOM akathima, geti lopanda batire kapena sola limangoima chilili, ndipo alonda amalimangirira m'mwamba ndi chingwe. Likakhala choncho sabata imodzi, limakhala choncho mpaka kalekale. Zipangizo zake n'zochokera kunja, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene takhala tikukuona, kachitsulo kakang'ono kakhoza kudikiritsa miyezi. Fumbi la mu Okutobala ndi ziphaliwali za m'dzinja nazo sizigwirizana ndi makina otere. Musanagule, funsani kuti wokonza ali kuti, ndipo afika pakatha masiku angati. Kumbukiraninso kuti manambala a foni, nkhope za anthu ndi nthawi imene amalowa ndi kutuluka ndi uthenga wokhudza munthu payekha, ndipo dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wotere la Data Protection Act la 2024. Pakhale munthu wodziwika amene ali ndi chilolezo choona zimenezi, osati aliyense wodutsa mu ofesi ya alonda.

Sukulu yaikulu yokhala ndi sola ndi katswiri wake wa makina ingayese. Kwa koleji yaing'ono, makamera awiri kapena atatu oyang'ana geti ndi bwalo, pamodzi ndi mtengo wotsekera wokwezedwa pamanja, n'zokwanira.

Za kuitana apolisi apamsewu sinditayapo nthawi. Ngozi ikachitika, munthu akavulala, kapena wina akamayendetsa ataledzera, aitaneni msanga, ndipo alonda asasunthe kanthu. Za laisensi, inshuwalansi ndi COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi ntchito yawo pamodzi ndi a DRTSS, nthambi ya boma yoona za magalimoto, motsatira lamulo la zapamsewu la Road Traffic Act, osati ya mlonda. Koma wapolisi sangabwere tsiku lililonse kudzaona amene waponda maluwa a kutsogolo kwa ofesi.

Nanga a kabaza?

Malamulo ambiri a m'makoleji amalembedwa ngati aliyense amabwera pa galimoto, chonsecho ophunzira ochuluka amafika wapansi, pa minibasi kapena pa kabaza. Njinga yamoto ndi imene imadutsa pakati pa anthu, pakhonde, ngakhale kuseri kwa hositelo, ndipo zambiri zilibe nambala yoti mlonda alembe.

Pali njira ziwiri. Ina ndi kuwaletseratu kulowa. N'zosavuta kulamula, ndipo mkati mumakhala bata. Koma onse amadzaunjikana pakamwa pa geti kulimbirana makasitomala, galimoto yotuluka osaona kumanja kapena kumanzere. Mtsikana wochokera ku Area 25 amene wafika usiku ndi chikwama cholemera ayenera kuyenda yekha mumdima mpaka ku hositelo. Vuto simunalithetse, mwangolikankhira kunja kwa mpanda.

Njira inayo ndi kugwirizana nawo. A kabaza ambiri ali ndi masiteji awo, ndipo siteji imakhala ndi tcheyamani wake. Muitaneni, mukhale naye pansi. Apatseni malo oima chapambali pa geti, osati pakamwa pake. Olembetsa okha, ovala chovala chowala cholembedwa nambala yaikulu kumsana, okhala ndi chipewa chawo ndi cha kasitomala, ndi amene azilowa, ndipo azitsitsira pamalo amodzi kapena awiri odziwika. Wophwanya lamulo, nambala yake ipite kwa tcheyamani. Ndinaona ndekha kuti chilango cha anzake chimaluma kuposa cha sukulu, chifukwa onse amaopa kutaya siteji yokhala ndi makasitomala otsimikizika. Tcheyamani wina anandiuza kuti, "Bwana, ameneyo tisiyireni, tithana naye tokha," ndipo mnyamatayo sitinamuonenso sabata ziwiri. Njirayi imafuna munthu wa ku ofesi woti azikumana nawo kawirikawiri, popeza anyamatawa amasinthasintha. Ikasiyidwa, pakatha teremu zovala zija zimayamba kubwerekedwa.

Pa sukulu ya malo aakulu ngati za kunja kwa tauni, ndingasankhe kugwirizana nawo. Pa kasukulu koti kuchoka pageti kufika m'kalasi ndi mphindi ziwiri, atsitsire panja, koma konzani potsitsirapo ndipo muikepo getsi.

Njinga zakapalasa nazo zipatsidwe poimika pooneka, pokhala ndi chitsulo chomangirirapo unyolo. Malo a galimoto imodzi amakwana njinga zingapo, ndipo wophunzira akadziwa kuti njinga yake aipeza, sailowetsa m'kalasi kapena kuimangirira pa chitsulo chogwirira pa masitepe.

Mukandifunsa poyambira ndi ndalama zochepa, ndinganene kuti teremu yoyamba ipite ku tepi yoyezera, penti, mapaipi ndi kaundula wa mafoni, osalipiritsa aliyense. Makalata ochenjeza ayambe teremu yachiwiri, anthu ataona kale kuti poimika palipo. Chitsulo cha tayala mugule chimodzi chokha, chizikhala mu ofesi. Makina amagetsi adikire mpaka mutatsimikiza kuti zinazi zakanika.

Patsala masiku aja amene dongosolo lililonse limagwa: tsiku lomaliza maphunziro, tsiku lotsegulira sukulu, ndi Loweruka la ukwati. Pa tsiku la zikondwerero za omaliza maphunziro, wophunzira mmodzi amabwera ndi minibasi yodzaza abale ochokera ku Dedza kapena ku Kasungu, agogo ali momwemo, mapoto a mpunga ali kumbuyo. Anthu amenewa sadziwa za sitika, ndipo kuwamangira tayala pa tsiku lotere ndi nkhanza. Tsegulani bwalo la mpira ngati kuli kouma, mulembe mizere ndi laimu dzulo lake, geti lina likhale lolowera lina lotulukira, ndipo ophunzira odzipereka ovala zowala aziwalozera poima. Okalamba ndi aulumali atsitsidwe pafupi ndi holo galimoto isanapite kubwalo. Ochita lendi holo ya ukwati auzidwe polipira pomwepo kuti abwere ndi anthu awo olondolera magalimoto, ndipo asiye ndalama ya chikole imene adzabwezeredwe Lolemba, woyang'anira malo atayendera kapinga ndi mipope ya madzi.